Mfuti ya a Lucious Yokana Kuyasama

Mmalawi aliyense wa kuno ku South Bend, ku Amereka, amadziwa kuti malemu amuna anga, a Lucious, anali ndi mfuti yosachira. Ena amatchuka ndi kuimba, ena ndi kuchedwa kutchalitchi. Iwo anatchuka ndi mfuti imene anaikonza zaka zisanu ndi zitatu, pa tebulo langa lodyera.

Anaigula chifukwa cha tinyama tokumba mauna timene tinkatha nkhwani kudimba lathu, kunja kwa tauni. Sanaphepo ngakhale kamodzi. Koyamba kukumana nako akuti kanawayang'ana ngati mwana wamasiye, basi anatsitsa mfuti. Kuyambira pamenepo ankangoombera mapepala kumalo ophunzirira kuomba.

Ndinati, "Bambo a Atupele, ndiye igulitseni. Nyumba ino timapempheramo."

"Ndigulitsa, mayi. Koma ili ndi vuto. Ine dikoni ndigulitse chinthu chowonongeka? Kumeneko n'kuba. Ndiyambe ndaikonza."

Vutolo ndinalimva kambirimbiri moti ndingalifotokoze ndili m'tulo. M'kati mwa mfuti muli chitsulo chimene amati bolti, chimene chimapita m'mbuyo n'kubwerera ukaomba. Zipolopolo zikatha m'kabokosi kake kotchedwa magazini, chimayenera kukakamira m'mbuyo, mfuti n'kukhala yasa, kuti mwini wake adziwe kuti zatha. Yawoyo inkangotseka pakamwa ngati ikadali ndi kanthu.

Poyamba anati ndi litsiro. Anatha miswachi yonse m'nyumba, kenako anadula nsalu yanga yoyera ya patebulo kuti ndiyo yosasiya ulusi. Chaka chinacho anati mafuta achepa. Atathira, anati achuluka. Kenako mlandu unagwera zipolopolo, akuti n'zaulesi, sizikankha bolti mpaka kumapeto.

Nthawi ina anagamula kuti wolakwa ndi chala chawo chachikulu, kuti chimatsamira pa kachitsulo kogwira bolti. Anachimanga ndi bandeji kuti chizolowere kukhala pambali, n'kupita nacho kutchalitchi. Abusa anachipempherera. Ine ndinangoweramitsa mutu, osati chifukwa cha pemphero.

Lachinayi lililonse amayi amasonkhana kwathu kudzapemphera. Tebulo lonse linkanunkha mafuta a mfuti. Tsiku lina Mayi Joan, amene amatitsogolera, anavuula kasipuling'i m'tiyi wawo.

"Mayi a Atupele, kameneka n'kothira kumene kapena kagweramo?"

A Lucious anatulukira kuchipinda akuthamanga. "Ayi, zikomo amayi! Ndakafuna masiku atatu. Mulungu akudalitseni!" Anakapukuta pa malaya n'kubwerera osapepesa.

Madzulo ake ndinawauza mosapita m'mbali. "Musankhe, tebulo kapena mkazi."

"Iii, mayi, mwezi wamawa yatheka. A Edmond aganiza njira ina."

A Edmond ndi mnzawo wa ku Indianapolis, wa ku Beech Grove uko, amene anakulira nawo limodzi ku Ntcheu. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, kaya chipale chofewa chagwa kaya kukutentha, a Lucious ankaikhomera mfutiyo m'bokosi lake n'kuyenda maola awiri ndi theka kukaionetsa kwa katswiriyo. Katswiri wake munthu wogwira ntchito yochapa zovala m'chipatala! Ankabwerako ndi nyama ya mbuzi ya ku Lafayette Road, mfuti ili chimodzimodzi.

"Yachira?"

"Yatsala pang'ono."

Mtima wa a Lucious unaima mwezi wa Marichi chaka chatha, akuchotsa chipale ndi fosholo pakhomo. Titatha zonse za maliro, chinthu choyamba chimene ndinafuna chinali tebulo langa. Ndinanyamula bokosi lija mpaka ku Beech Grove.

"A Edmond, chinthu chanu ichi. Mugulitse, mutaye, zili kwa inu. Koma wogula mumuuze kuti n'chowonongeka."

Anatsegula kabati n'kutulutsa magazini ina yopanda zipolopolo, yokulunga m'sokosi. Anailowetsa, nakoka bolti. Kwa! Inakakamira m'mbuyo, mfuti ili yasa.

"Alamu, vuto tinalipeza chaka choyamba chomwe. Magazini imene anagula nayo inali ndi sipuling'i yofooka, siinkakankha kachitsulo kogwira bolti. Yabwinoyi ankaisunga kuno kuti inu musaione."

Ndine munthu wosakonda kukweza mawu, koma tsiku limenelo anansi a a Edmond anamva Chichewa. "Zaka zisanu ndi zitatu! Nanga tebulo langa linalakwanji? Nsalu yanga? Tiyi wa Mayi Joan?"

"Ankati akapanda kuimasula kunyumba muwatulukira."

"Nanga chala?"

"Chala chinali nzeru yanga, alamu. Pepani."

Anaseka, kenako kusekako kunasanduka china. Anakhala pampando nagwira kumaso. Ndipamene ndinakumbukira kuti chaka chimene mfuti inayamba kudwala ndi chaka chimene akazi a a Edmond anamwalira, ana ali kutali.

"Ine nthawi imeneyo ndinkangomwa, foni osayankha," anatero. "Munthu akati akubwera kudzandiona ndinkakana. Koma a Lucious ankaimba n'kunena kuti achimwene, yavutanso, tandithandizani. Ungamukanize bwanji munthu wofuna thandizo? Tinkakhala m'galaja muno, mfuti ili pakati, osaikhudza n'komwe."

Mfutiyo ndinaisiya komweko. Tebulo tsopano ndi loyera, nsalu yatsopano, tiyi amanunkha tiyi. Amayi amayamikira. Koma kutchalitchi tikaweruka, abambo amangoima pamalo oimika galimoto manja m'matumba, popeza palibenso wowafotokozera za bolti mpaka ana kulira njala. Loweruka loyamba la mwezi nyumba imakhala zii, ndipo ndimaganiza za galaja lija ku Beech Grove.

Sabata yatha ndinawaimitsa a Dixon, amene anatenga udikoni wa amuna anga.

"A Dixon, mfuti ija ya malemu ili kwa a Edmond, ndipo yavutanso. Mungapiteko Loweruka mukawathandize?"

"Mayi, ine za mfuti sindidziwa chilichonse."

"Ndinu woyenera ndithu," ndinatero.

Magazini ya m'sokosi ija ili m'chikwama changa. Ambuye andikhululukire.