Ndege Yoti Atate Aione

Lolemba

Mota ya ndege imene ndikupanga yafika pa basi ya ku Lusaka, pamodzi ndi rimoti yake. Zina zonse ndili nazo kale: nsungwi, guluu, mateyala a kanjinga ka mwana, ndi zoyera zopepuka zija zimabwera m'katoni ya firiji. Phiko limodzi ndi lalitali kuposa ine. Anzanga okonza mafoni pa msika wa Sinda akuti ndawonjeza.

Sadziwa kuti atate tsopano amaona zazikulu zokha: ng'ombe, mtengo, thiraki. Nkhuku saiona mpaka aiponde. Moyo wawo wonse akamva ndege amasiya khasu n'kuyang'ana kumwamba, koma chaka chino amangotembenuza khutu. Lamulungu alongo anga akubwera kudzawatenga kuti azikakhala nawo ku Vubwi. Ndiye iuluke Loweruka basi, aione maso asanatsekeretu.

Lachiwiri

Guluu watha, phiko lachiwiri lili pakati. Kusitolo akuti abwera mawa, mawa lawo lija losafika. Ndaphika phala la chinangwa, lomwe tinkamatira zithunzi kusukulu. Likugwira bwino zedi! Munthu wa pa vidiyo amene ndikuonerapo kapangidwe uja satchula chinangwa, koma iye ali ndi shopu yonse, ine ndili ndi khonde.

Atate akufunsa chimene chikununkha. Ndawauza kuti ndi ntchito. "Ntchito yakoyo ikusowa shuga," akutero.

Lachitatu

Pochokera kumsika ndikupeza phiko la guluu lija lili padzuwa, mkazi wanga, amake Tisa, ayanikapo mphale yonyowa. Akuti n'losalala, ndiponso silikugwira ntchito ina iliyonse pakhomo pano. N'zoonadi.

Lapindika pang'ono. Ndege yotere izikhotera kumanzere. Palibe kanthu, atate tidzawakhazika kumanzereko.

Lachinayi

Maliro kuseri kwa tchalitchi. Atisiya ndi mkulu uja ankasewera bawo ndi atate. Nyundo sigunda, mota silira, mpaka tikaike. Abwera kudzabwereka batire ya sola, akuti ya getsi la pa siwa ndi sipika ya akwaya. Pa maliro sukana. Koma ndi yokhayo yotchajira ndege.

Pa siwa ndakhala pambali pa atate. Aliyense wowapatsa moni akumudziwa ndi mawu, sakulakwitsa ngakhale mmodzi. Akuti anzawo onse akungonyamuka osatsanzika. Ine thupi lili pa maliro, mtima uli pa phiko, ndipo ndikuchita nazo manyazi.

Lachisanu

Mudzi wonse kumanda. Chimanga tinakolola kale, ndiye mbuzi ndi zomasula, zikudziyendera khomo ndi khomo. Ndinaiwala zimenezo.

Zimene ndapeza pakhonde: mchira palibe, phiko la chinangwa latsala nsungwi zokhazokha, waya mmodzi wotafunidwa n'kulavulidwa. Phiko la guluu sizinalikhudze n'komwe. Mbuzi imadziwa chakudya!

Mwini mbuzi wapepesa bwinobwino, chipewa m'manja. Potuluka n'kutembenuka: "Koma inunso, ndege mumamangiranji ndi phala?"

Loweruka

Batire yabwerako ilibe moto. Kunja kuli mitambo, sola ikungowodzera. Phiko lodyedwa ndalikuta ndi thumba la feteleza, mchira ndadula pa katoni. Yalemera ngati ndowa ya madzi, koma ndikudziuza kuti ndege zenizeni n'zachitsulo ndipo zimauluka.

Dzuwa litapendeka, batire itagwirako moto pang'ono, tili pa bwalo la mpira. Atate pampando, kumanzere. Mota ikulira bwino, mtima wanga uli m'mwamba. Ndege yathamanga, yathamanga, yakhota, yagunda chulu. Mateyala sanasiye dothi ngakhale pang'ono.

Atate nkhope ili kumwamba, akufufuza m'mitambo. "Yafika pati?"

Ndikanatha kunama, anthu obwera kudzaonera anali kundipatsa mpata. Ndati, "Pa chulu, atate."

Aseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. Zandiwawa kwambiri.

Lamulungu

Alongo anga afika ndi galimoto, katundu wamangidwa kale. Atate akuti ndiyambe ndawaperekeza pamene pali ndege.

Ayambira kumphuno. Akupapasa pulopela yothyoka, mota, phiko labwino, kenako thumba lokuta nsungwi zimene mbuzi zinasiya. Pang'onopang'ono, ngati akugula ng'ombe. Dalaivala akuimba hutala, iwo akumusamva dala.

"Zouluka ndaziona zambiri, mwana wanga, zonse zazing'ono ngati udzudzu," akutero. "Yoti itere ndiigwire ndi manja, ndi ino yokha."

Apita. Phiko labwino lija amake Tisa alitenga kale, ayanikapo mphale. Ligwireko ntchito.

Pano ndili pakhonde. Ndege ikudutsa pamwamba, yolowera cha ku Chipata. Sindikuyang'ana. Ndangotembenuza khutu, ndimve mmene atate akuimvera kumene aliko.