Mowa wa Chijeremani m'Chitsime cha Che Amidu

Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma langa linanunkha, ndipo mudzi wonse unalimva ine mwiniwake ndili m'kalasi. Anzanga amaseka ndikamafotokoza nkhaniyi. Nanenso ndimayamba kuseka, koma sindinayambe ndafika kumapeto kwake ndikuseka.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, boma litanditumiza kukaphunzitsa kufupi ndi Lungwena. Nyumba za aphunzitsi zinali zitadzaza, choncho ndinkakhala m'kanyumba ka kuseri kwa Che Amidu, bambo wachikulire wachisilamu wosoka maukonde, amene ananditenga ngati mwana wake. Pabwalo pake panali chitsime chokumba yekha, chakuya, madzi ake ozizira opweteka mano. Anthu opita kumzikiti ankayamba apatukira pamenepo kudzatawaza, ndiko kusamba m'manja, kumaso ndi kumapazi asanapemphere.

Kuboma kunali Mjeremani wina wokonza mainjini a maboti, amene tinkamutcha Chindevu. Tsiku lina anandilawitsa mowa wofulula yekha. Ine ndine mwana wa ku Ntcheu, ndinakulira pa masese oti ukamwa chipanda chimodzi ndiye kuti wadya kale. Koma uwu unali wina: woyera woonekera mkati, wopepuka, wothetheka pa lilime, ukameza n'kungosiya chilakolako. Pobwerera kwawo anandisiyira thumba la chimera cha kwawoko, timaluwa touma towawa totchedwa hopusi, ndi kapaketi ka yisiti.

"Aphunzitsi, mowa uyu safuna kutentha," anatero m'Chichewa chake chotsimphina. "Awire pang'onopang'ono, malo ozizira. Ndipo musatseke kwambiri, apume."

Zonse ndinachita mwadongosolo lake. Ndinanyika chimera m'madzi otentha, ndinasefa ndi nsalu ya pilo, ndinawiritsa pamodzi ndi hopusi uja, utazizira n'kuthira yisiti ndi kuukhuthulira m'chigubu cha pulasitiki. (Mayi a pakhomopo, Abiti Saidi, atafunsa za fungo, ndinati ndikuphika mankhwala a m'mimba, ndipo anandipepesa.) Vuto linali lakuti unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene ku Mangochi ngakhale mthunzi umatentha. Malo ozizira m'mudzi monsemo anali amodzi okha.

Ndinadikira Lachisanu masana, amuna ali kumzikiti, amayi atapita kukachapa. Ndinamanga chigubu ndi chingwe, n'kuchitsitsira m'chitsime chakumbali kumene ndowa sinkafika, chingwecho n'kuchibisa pansi pa mitengo yovindikira. Chitsekerero cha chigubucho ndinachikulunga ndi mphira zolimba. Mawu a Chindevu akuti apume ndinawakumbukira ndithu, koma ndinadziona wanzeru kumposa: chinthu chili m'madzi chipuma bwanji? Mtima ndinaunyengerera kuti sindikulakwira munthu, pakuti mowa uli mkati, madzi ali kunja.

Lachitatu lotsatira ndikuweruka, ndinapeza pachitsime pali gulu la anthu.

"Aphunzitsi, inu ophunzira, tanunkhizani madziwa," anatero Abiti Saidi akundipatsa chikho. "Kuyambira Lamlungu tikumva kafungo, lero ndiye kanyanya. Kaya mwagwera chiyani."

Ndinanunkhiza. Linali fungo lenileni la kwa Chindevu lija, ndipo chinthu chochititsa manyazi n'chakuti kwa kamphindi ndinanyadira kuti mowa wapsa bwino. Kenaka ndinazindikira kuti chigubu chasweka.

Ena ankati mwafera buluzi, ena ankati wina wathira mankhwala. Wapampando wa chipani m'mudzimo anali atatulutsa kale cholembera, akufunsa mayina a onse amene anayambanapo ndi banjali. Masiku amenewo dzina likalembedwa silinkafufutika. Ndikanatha kukhala chete, ndipo sindinama, ndinayesa. Koma nditamva akutchula dzina la mayi wina wamasiye, ndinagwada pachitsime, ndinapisa dzanja pansi pa mitengo n'kukoka chingwe. Chigubu chinatuluka chitang'ambika m'mbali ngati nsomba yotumbula.

"Ndi mowa, bambo," ndinatero nditayang'ana pansi. "Ndinauika ndine."

Ndinkayembekezera mbama, kapena kuona katundu wanga akuponyedwa panja. Che Amidu anangotembenukira kwa wapampando uja.

"Bwezani cholembera, achimwene. Mlendoyu ndi wanga, nkhaniyinso ndi ya pakhomo panga."

Kenaka anandiyang'ana ine. "Mwanangu, chinasweka liti?"

"Sindikudziwa, bambo."

"Fungo akuti linayamba Lamlungu." Anapinda zala chimodzichimodzi. "Ndiye kuti masiku anayi takhala tikuima pamaso pa Mulungu titasamba mowa."

Sananene mokalipa ayi, ankangowerengera ngati munthu woona mmene ukonde wake wang'ambikira. Bola akanandimenya. Kufikira nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti ndawononga madzi, ndipo madzi amakapidwa. Sindinaganize n'komwe kuti ndalowa m'mapemphero a anthu, amene anandipatsa pogona osandifunsa n'komwe kuti ndimapemphera kuti.

M'mawa mwake tinayamba kukapa chitsime. Wolowa pansi ndinali ine, ndipo panalibe amene analimbirana nane ntchitoyo. Anandimanga chingwe m'chiuno, wogwira kutsogolo kwa amuna onse anali Che Amidu yemweyo. (Ndili pansipo ndinapeza malo ozizira aja ndinkawafuna, mano mpaka kugundana.) Tinakapa mpaka matope, madzi n'kudzazanso, ife n'kukapanso, katatu konse.

Tsiku lachitatu la kukapako Che Amidu anatunga ndowa yoyamba anthu onse akuona. Anayang'ana madziwo, anawanunkhiza, kenaka anatunga m'chikho n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Lawani ndinu, aphunzitsi. Ife kukoma kwake sitikudziwa."

Amuna ena anatsokomola pobisa phwete. Ine ndinamwa, ndinazunguza m'kamwa monga anandiphunzitsira Chindevu, n'kumeza.

"Ndi madzi, bambo."

"Madzi okhaokha?"

"Okhaokha."

Anandikhulupirira. Munthu amene ndinamunamiza pakhomo pake pomwe anatenga mawu anga osafunsanso wina, anapinda manja a mkanjo, anatawaza pang'onopang'ono, n'kulunjika kumzikiti kukabweza mapemphero a masiku anayi aja. Ine ndinatsala chiimire ndi chikho m'manja, misozi ikulengeza.

Mlungu womwewo anthu anakhomera chitsime chija chivindikiro cha matabwa ndi loko. Kiyi ankakhala pa msomali wa pakhonde pamene aliyense ankamuona, ndipo palibe anandiletsapo kumutenga. Koma zaka ziwiri zimene ndinakhalabe pakhomopo, ndikafuna madzi ndinkaima ndi ndowa yanga chapatali, kudikira kuti wina abwere adzatsegule.