Udzu Umene Ndinazula ku Bwanje

Mpaka lero ndikaona mpunga m'mbale, manyazi amandigwira ndisanasambe n'komwe m'manja.

Ine ndine mtsikana wa ku Mlangeni, kumtunda kozizira, kumene mwana amadziwa kukumba mbatata ya kachewere asanadziwe kulemba dzina lake. Ndili Fomu 3. Kusukulu kwathu kuli mnyamata wina wa ku Bwanje, dzina lake Lonjezo, amene timaimba naye kwaya (iye amaimba besi, ine ndimangotsatira anzanga). Tsiku lina akusimba za minda ya mpunga ya kwawo, ndinangomva pakamwa panga patayankhula pokha: "Aa, mpunga? Ifenso timalima!" Pamenepo n'kuti mpunga womwe ndinkaudziwa uli wa pa Khirisimasi, wophika kale.

Patchuthi ndinapita kwa azakhali anga ku Sharpevale, kufupi ndi Bwanje. Lonjezo atamva, anatumiza uthenga kuti amayi ake akuwoka mpunga, ndipo wawauza kuti ali ndi mnzake wa kwaya wodziwa ntchitoyo, choncho ndipite ndikawathandize. Bodza lija linandipeza. Komabe ndinaganiza kuti amayiwo akandiona ndikugwira ntchito molimbika, adzandikumbukira tsiku lina m'tsogolo (musandifunse kuti tsiku lanji, ndikadali pasukulu).

Ndinapita nditavala juzi mwa chizolowezi cha kwathu, moti ndinafika kumundako thukuta lili kamukamu. Amayi a Lonjezo, aNangozo, ndinawapeza ali m'matope. Ndinagwada n'kuwapatsa moni.

"Ndiwe katswiri uja?" anatero akumwetulira. "Chabwino mwana wanga. Ife tikusalaza kuno, iwe yamba kuzula apo." Analoza kachigawo ka pakona.

Nditayang'ana ndinaona udzu wobiriwira, wothithikana kwabasi. Chisoni chinandigwira: amayi awa ntchito yawachulukira mpaka udzu kumera chonchi! Ndinavula juzi n'kulowa. Kupalira ndiye ntchito yanga. Kwathu udzu ukauzula suusiya m'munda chifukwa umaphukanso, ndiye ine ndinkazula n'kumaponya m'ngalande yomwe inkadutsa pambali. Madzi ankautenga bwinobwino. Ndinafika poyamikira mumtima kuti anthu a ku Bwanje ndi anzeru, ali ndi kamtsinje kotayamo zinyalala. Ndinayamba ndi kuimba komwe.

Theka la kachigawoko litayera, Lonjezo anabwera ndi dengu.

"Mitolo ili kuti?"

"Mitolo yanji?"

"Ya mbande, zoti tiwoke."

"Mbande sindinazione. Pano panali udzu wokhawokha."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana m'ngalande, dengu n'kugwa. Chakumunsi, bambo wina wa munda woyandikana nawo anali ataima m'madzi, akuwola udzu wanga uja ndi manja awiri.

"ANangozo!" anafuula bamboyo. "Mulungu akudalitseni! Chaka chino mwatikumbukira ife amphawi?"

Apo m'pamene ndinadziwa kuti mpunga ukakhala waung'ono umaoneka ngati udzu, ndiponso kuti kachigawo kaja kanali nazale.

ANangozo anabwera pang'onopang'ono, manja ali m'chiuno. Ndinalakalaka matope atandimeza.

"Mwana wanga, kwanu n'kuti?"

"Ku Mlangeni, amayi."

"Mumalima chiyani?"

"Kachewere." Mawu anatuluka ngati a mwanapiye. "Ndi kabichi."

"Ukanatero poyamba, bwenzi nditakupatsa khasu. Mbande zimenezi ndazilera ngati khanda. Lowa m'ngalandemo."

Masana onse ndinali m'madzi, kuthamangitsa mpunga wa eni ake, misundu ikundiyamwa m'miyendo. Ana a m'minda ina ankandilozera: "Asisi, wina uwo ukuthawa!" Bambo uja anabweza zomwe anawola, koma anatsala ndi mtolo umodzi, akuti wa thukuta lake. Zina zinapita ndithu, moti mbali ina ya munda inatsala yosawoka. Chimenecho chimandiwawabe.

Madzulo aNangozo anandigwira dzanja n'kundionetsa kabayidwe ka mbande m'matope. Mizere yanga inali yokhota ngati njira ya munthu woledzera, koma sanaizule. Potsanzikana anati, "Ukadzabweranso ubwere ndi kachewere wakoyo. Koma usadzakhudze chilichonse chobiriwira ndisanakuuze."

Ndinangomvapo mawu amodzi: ukadzabweranso.

Lonjezo anandiperekeza akukankha njinga, akulimbana ndi chiseko.

"Ndinadziwa kale kuti ukunama," anatero. "Tsiku lija unandifunsa kuti mpunga timakumba mwezi wanji."

"Nanga unandiitaniranji?"

"Ndimafuna ubwere. Sindimadziwa kuti ubwera ndi mphamvu chonchi."

Pomwepo ndinalumbira mumtima kuti sindidzadzisandutsanso munthu wina pofuna kukondedwa. Ndine mwana wa kachewere, wondifuna andifune choncho. Tinayenda pang'ono, tinafika pamlatho, iye anayang'ana madzi n'kundifunsa ngati ndimatha kusambira.

"Kwambiri," ndinayankha.