Masamba Awiri a Pafoni Yanga

Wolemekezeka Bwana Mkulu wa Okongoletsa Mafoni,

Uthenga wa imfa ya amuna anga unandipeza ndikutsuka mbale. Mlamu wanga ankandiimbira foni ali kuchipatala, ndipo foni ya kampani yanu inachita zomwe munaiphunzitsa: m'malo moonetsa poyankhira, inatulutsa timathovu tokongola toyandama. Ndinadina, ndinapalasa ndi zala zonyowa, koma osatheka. Ndinayankha ndi mphuno. Malemu akanaona akanaseka mpaka misozi, choncho landirani kuthokoza kwanga pa mfundo izi.

1. Zikomo pochotsa mawu onse pamabatani. Ndawerenga mabuku moyo wanga wonse, ndipo maso anafunikadi kupuma. Masiku ano ndimangolosera.

2. Zikomo chifukwa cha zizindikiro zotuwa zomwe munaika pamalo otuwanso. Tsiku la zovutalo tinaunjikana pafoni, kufunafuna potumizira uthenga kwa abale akutali. Abusa anati mwina tiipempherere. Achibale ena anafika titaika kale maliro, koma onse anayamikira kuti foniyo ndi yokongola.

3. Iyi ndiyo yandilembetsa kalata. Mufonimu muli uthenga wa mawu, wotsiriza womwe malemu ananditumizira. Akuti ndiwabweretsere masokosi, osati obooka aja, kenako akutsokomola n'kuseka. Tsopano foni ikuti yadzaza, ndipo pambali pa uthengawo yaika zithunzi za masamba awiri a mtengo, lina loweramira kumanja, lina kumanzere. Limodzi n'losungira, linalo n'lofufutira. Mwana wanga akuti losungira ndi lakumanja, mkamwini akuti lakumanzere, ndipo nkhaniyi yawadanitsa. Masambawo, kunena zoona, munajambula mwaluso. Ngakhale mitsempha yake ikuoneka.

Ndikudziwa kuti amisiri anu anaphunzira zozama za mitundu ndi mithunzi, ndipo sindingayerekeze kuwalangiza. Ndikungopempha, ngati si chipongwe, kuti mmodzi wa iwo anyowetse manja tsiku lina, mtima uli m'mwamba, ayese kuyankha foni yomwe anapangayo. Akatero alembe "Sunga" pansi pa tsamba limodzi, "Fufuta" pansi pa linalo, ngakhale ndi zilembo zosaoneka bwino. Sindidzauza munthu kuti zinachokera kwa inu.

Pakadali pano mawu a amuna anga akadalimo. Ndimawamvetsera m'mawa uliwonse, ndipo sindinakhudze tsamba lililonse.

Ine wanu wodzichepetsa,
Mphunzitsi wopuma, tsopano wamasiye