Bangara wa ku Limbe ndi Mwendo wa Layitoni

Tazimitsani kaye wailesiyo, ana inu, mukhale pansi. Chiyambireni kukonzekera magule a ukwatiwu ndakhala ndikukuonerani, ndipo ndaona mmene mukumukankhira kumbuyo mnzanuyo, ati chifukwa m'chiuno mwake ndi mouma. Pali mwambi wina wa gule ndi mwendo umene mumangoumva akuluakulu akuutchula. Mmene unayambira ndi motere.

Kale ku Limbe kunali mmwenye wina, a Joginda Singi, wochokera ku Punjabu, mkulu wa ndevu zambiri ndi nduwira kumutu. Anali ndi galaja yokonza malole kumtunda kwa msika. Anakhalitsa kuno mpaka Chichewa ankachilankhula ngati wa ku Chiradzulu, koma m'bale analibe ndi mmodzi yemwe. Akazi awo anali atamwalira kalekale, n'kuwasiyira mwana mmodzi wamwamuna, Manjiti.

Manjitiyo anakonda mtsikana wa kwa a Balidevu, amwenye anzawo okhala kumunsi kwa msika. Kumeneko ndiye kunali mtundu: abale, alamu, adzukulu, nyumba yochita kusefukira. Tsiku lokambirana za ukwati, a Balidevu sanapite m'mbali.

"A Joginda, mwambo wa kwathu mukuudziwa. Mkwati amabwera pa hatchi, ng'oma ikulira, abale ake akuvina patsogolo. Tikaona ovinawo m'pamene timadziwa kuti mwana wathu akupita kwa anthu. Nanga inu adzakuvinirani ndani? Mwana wanga akadzadwala adzamuzonda ndani? Mkwati akadzafika yekhayekha ngati wodzagula palafini, ine chipata sindidzatsegula."

Mawu amenewa anawalasa a Joginda. Abale awo anali kutsidya kwa nyanja yamchere, ndipo panalibe woti n'kusiya munda kudzavina ku Limbe. M'mawa mwake anatulutsa ng'oma imene inakhala zaka ili m'bokosi, n'kuitana antchito awo onse.

"Anzanga, kwathu tikakolola tirigu timavina bangara. Dzina limeneli ndi la zonse: guleyo, nyimbo zake, ngakhale kaliridwe ka ng'omayi. Ine ndilibe abale. Ndikupempha kuti mudzamuvinire mwana wanga, apo ayi ukwati wake wafa."

Ng'omayo ankaitcha dholo. Inali ya zikopa mbali zonse ziwiri, yokoleka m'khosi. Mbali ina ankaimenya ndi ndodo yaikulu yokhota, n'kumagunda mpaka m'chifuwa, mbali inayo ndi kansungwi kopyapyala kongothetheka. Mkulu uja atangoiyamba, anawakwezetsa manja m'mwamba antchito ake, kuwaphunzitsa kugwedeza mapewa, kudumpha ndi mwendo umodzi, kunjuta n'kudzukanso, uku akufuula mfuu ya chisangalalo ya kwawo yoti "Bale bale." Ng'oma siitana m'makutu mwa munthu mmodzi. Pomatha sabata, anyamata onyamula matumba pamsika anali atadzaza galaja, ndipo amayi ogulitsa malonda nawo anabwera, motsogozedwa ndi Abiti Ndala, mayi wathupi wogulitsa matemba, amene kuseka kwake kunkamveka mpaka kusiteshoni.

Pakati pa amakaniko panali Layitoni Namagowa. Tinene zoona, mnyamatayo anali wooneka bwino, wa seda yowongoka, ndipo pa beni ku Bangwe panalibe womufika. Bangara anamugwira msanga kuposa onse. A Joginda anakondwa, namuveka nduwira yachikasu ndi kajekete kopanda manja ka maluwamaluwa, n'kumuuza kuti ndiye adzatsogolere. Kenako iwo anatanganidwa ndi kusaka hatchi m'maesiteti a ku Thyolo ndi kusoketsa zovala, gulu lonse n'kulisiya m'manja mwake. Apa m'pamene analakwitsa. Pali anthu ena oti ukawaveka chipewa, nzeru zimatulukira m'makutu.

Layitoni anayamba ndi amayi. Anali atamva bwana wake akunena kuti kwawo bangara amavina kwambiri ndi amuna, ndiye anaima pakhomo la galaja manja ali m'chiuno.

"Amayi, bwererani ku matemba anu. Uyu ndi gule wa amuna."

"Iwe Layitoni," anatero Abiti Ndala, "mwini ng'oma sanatithamangitse. Iwe wa ku Bangwe konkuno wakhala liti wa ku Punjabu?"

"Nduwirayi simukuiona?"

"Ndikuiona. Koma mutu umodzi susenza denga, mwana wanga."

"Denga la ndani? Ife tikuvina, sitikumanga nyumba."

Amayi anachoka. Kenako Layitoni anatembenukira onyamula matumba. Ati akadumpha pansi pamachita kunjenjemera, ati thukuta lawo lidzaopsa hatchi, ati mapewa awo ndi ouma ngati a ng'ombe za pangolo. Nawonso anatola malaya awo n'kumapita. Amakaniko achikulire anawauza kuti mimba zawo zidzachititsa manyazi mkwati. Anatsala ndi anyamata ochepa chabe, owonda ndi osalala ngati iye.

A Joginda akadutsa mothamanga n'kufunsa kuti zikuyenda bwanji, iye ankayankha akumwetulira.

"Musade nkhawa, bwana. Ndikupeta. Mankhusu akuchoka, patsala mpunga wokhawokha."

Tsono bwana wake anali atanenapo tsiku lina kuti kwawo gule akafika pokoma, katswiri amakwera pamapewa a mnzake n'kumavinira pamwamba. Layitoni mawu amenewo sanagone nawo. Anaganiza kuti Limbe yense ayenera kudzamuona ali pamwamba, nduwira ikuwala. Koma a mapewa olimba aja anali atawathamangitsa yekha. Anakwera pa mnyamata woyamba, onse awiri anagwera m'matayala. Anakwera pa wachiwiri, mnyamatayo khosi linauma sabata yathunthu, akafuna kuyang'ana kumbali ankatembenuka thupi lonse. Wachitatu anangomva kuti mawa ndi iwe, n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti ku Mulanje kuli maliro a azakhali ake. Otsalawo anatha mmodzimmodzi osatsanzika.

Tsiku la ukwati linafika. Hatchi yoyera inaima pakhomo la galaja itavekedwa nsalu zofiira, Manjiti ali pamwamba, nkhope itaphimbidwa ndi maluwa olendewera. A Joginda anatuluka dholo ili m'khosi. Anayang'ana uku, kuyang'ana uko. Pamsewu panali Layitoni yekha, atatchena ngati tambala.

"Layitoni, anzako ali kuti?"

"Bwana, ine ndekha ndikukwana. Anthu ambiri amangosokoneza mzere."

"Ndinakupempha abale, iwe wandipatsa munthu mmodzi?"

"Dikirani muone. A Balidevu akaona chimene ndakonza, chipata adzachita kuchizula okha."

Chimene anakonzacho chinali mgolo wa oyilo wopanda kanthu. Poti mapewa okwerapo panalibe, anati mgolo ndiye ukhala mapewa. Anaugubuduza n'kuuimika pakati pa msewu, osaganizako kuti msewu wochokera pagalajapo ndi wotsetsereka mpaka kumsika. Anakwera. A Joginda analibenso chochita, dzuwa linali litakwera ndipo kumunsi kunkaoneka nduwira za kwa a Balidevu zitandandalika kuseri kwa chipata chotseka. Anamenya ng'oma.

Poyamba zinakoma, sindinganame. Manja m'mwamba, mapewa akuthamanga, mgolo ukulira pansi pa mapazi ake. Anthu pamsika anasiya malonda n'kumayang'ana kumtunda. Akanalekera pomwepo bwenzi lero tikumutchula mwaulemu. Koma ataona kuti maso onse ali pa iye, anakweza mwendo umodzi n'kuyamba kudumpha ndi winawo. Anadumpha, nadumphanso, kenako anati azungulire m'malere kuti a kumsika aone maluwa a kumsana kwa kajekete. Potera anapondera m'mphepete. Mgolo unapendekeka n'kuthawa pansi pake, iye n'kugwera mu ngalande mwendo utapindikira kumene mwendo supindikira. Mgolowo unapitirira wokha kutsetsereka, gubudugubudu, mpaka unakaima pa mulu wa kabichi.

Ng'oma inaleka. Kunangoti zii, kupatula kubuula kwa Layitoni mu ngalande muja.

Manjiti anakweza maluwa kumaso kwake. "Bambo, tibwerere. Kusiyana n'kukatsekeredwa chipata anthu onsewa akuona."

A Joginda misozi inayamba kulowa m'ndevu. Anali ndi chisoni chachikulu, chifukwa anaona kuti zimene ananena a Balidevu zinali zoona: zaka zonsezi m'dziko muno, analibe womuvinira. Komabe anapukuta nkhope ndi mkono.

"Ayi. Ndine bambo ako. Ngati wovina ndi mmodzi, ndikhala ineyo."

Anayambanso kumenya dholo, n'kuyamba kutsika msewu yekhayekha patsogolo pa hatchi, nkhalamba ikudumpha pang'onopang'ono ndi ng'oma yolemera m'khosi.

Abiti Ndala anali ataima pa benchi yake ya matemba. Anayang'ana mkulu uja, n'kumanga chitenje mwamphamvu m'chiuno.

"Inu, tingoonerera mkulu ameneyu akuchita manyazi? Si yemweyu amatikonzera lole ya matemba ikafera panjira? Amene anatithamangitsa uja ali mu ngalande. Tiyeni."

Analowa mumsewu manja ali m'mwamba, thupi lonse likugwedezeka, n'kufuula "Bale bale" ndi mawu aja omveka kusiteshoni. Amayi anzake anamutsatira akululutira. Onyamula matumba anaponya matumba pansi. Amakaniko a mimba aja anatulukira kuseri kwa malole kumene anabisala ndi manyazi. Gule akalowa m'thupi satuluka chifukwa choti wina wakutsekera pakhomo: zonse zimene anaphunzira sabata yoyamba ija zinali zikadalimo. Pambuyo pawo panabwera ena oti sanaphunzireko n'komwe, atelala ndi matepi awo m'khosi, ogulitsa makala, wapolisi wina amene anabwera kudzabalalitsa anthu n'kupezeka chipewa chili m'manja. Wina ankaponyamo sitepe ya beni, wina ya tchopa, amayi ena ankadula chiuno cha chimtali manja ali m'mwamba mwa bangara. Sizinali zowongoka ayi, koma fumbi lake linaphimba dzuwa.

A Joginda ataona khamulo, manja awo anabwerera unyamata. Dholo inalira mmene inali isanalirepo kuno. Onyamula matumba awiri, aja a mapewa a ng'ombe za pangolo, anawerama n'kuwanyamula mkuluyo ndi ng'oma yake yomwe, n'kuwakhazika pamapewa. Anatsika nawo msewu wonse akuvina, iwo ali pamwamba akumenya ng'oma, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Nanga Layitoni? Anthu achifundo anamutola n'kumuika mu wilibala kuti apite naye kuchipatala. Koma njira ya kuchipatala inali yomweyo, ndipo woyendetsa wilibalayo ng'oma inamulowa. Ankati akakankha pang'ono, n'kuitula kuti akweze manja. Choncho katswiri wa ku Bangwe anafika nawo pa ukwati ali kumapeto kwenikweni kwa mzere, nduwira ili m'khosi, akukuwa kuti amusamalire mwendo.

Kwa a Balidevu anamva chiphokosocho chisanafike. Alamu ndi adzukulu aja anakwera pampanda kuti aone, ndipo mapewa awo anayamba kugwedezeka okha. A Balidevu anasuzumira pachipata n'kuona msewu wadzaza kuchokera kumsika mpaka pakhomo pawo. Anatsegula chipata mbali zonse ziwiri ndi manja awo. A Joginda atatsitsidwa pansi, akulu awiriwo anavekana nkhata zamaluwa n'kukumbatirana mpaka nduwira kupendekeka.

"A Joginda, paja ndinati mulibe abale. Nanga awa ndi ndani?"

"Ndi amenewa. Inenso ndawadziwa lero."

Mtsikana uja anakwatiwa tsiku lomwelo, ndipo mpunga umene unaphikidwira alendo ochepa unachita kuwonjezeredwa miphika mpaka madzulo. Pamene anthu ankadya, a Balidevu anapita pamene panakhala Abiti Ndala akudzipepesera mphepo ndi mbale.

"Mayi, ndakuonani mukutsogolera. Ine ndinkayesa kuti bangara ndi wa ife a ku Punjabu tokha. Kodi inu simunaope kulakwitsa gule wa eni ake?"

Abiti Ndala anameza kaye mpunga. Kenako analoza ndi supuni kuchipata, kumene wilibala ija inkatuluka tsopano kulowera kuchipatala, mwendo wa Layitoni utaloza kumwamba.

"Bambo, talakwitsa chiyani ife? Gule ndi wa aliyense, kulakwa n'kuthyola mwendo."