Mpata Umene Ndinaupempherera

Lolemba
Zodabwitsa! Pagalasi ndikuona mpata pakati pa mano anga akutsogolo. Mpata weniweni, wonga wa Esinati, amene anyamata onse a ku Ligowe ankamulimbirana tili atsikana. Ndinaupempherera ndili Sitandade 6, yankho likufika ndili ndi zidzukulu zinayi. Kumwamba pempho silitayika, eti!

Lachiwiri
Ndaganiza. Lachinayi ndikachitira umboni kumsonkhano wa amayi kutchalitchi. Zofunika: duku loyera, nyimbo imodzi, kumwetulira kosalekeza. Komanso manowa akutalika! Amuna anga akuti, "Mayi a Chisomo, mukusekerera galasi?" Nsanje basi.

Lachitatu
Ndaluma gwafa, pagwafapo magazi. Sizachilendo, mswachi wanga umafiira m'mawa uliwonse. Koma dzino limodzi likugwedera. Ndikalikankha ndi lilime likupita, kenako likubwerera. Izi sindikazitchula mu umboni.

Lachinayi
Ndaimirira, ndamwetulira, nthungululu tchalitchi chonse! Potuluka, Mayi Phiri, anamwino opuma ntchito, andikokera pambali. Akuti, "Asisi, mano a munthu wamkulu sakula. Nkhama zanu ndi zimene zikuthawa. Mawa mulawirire kuchipatala kuboma." Manyazi ake! Ndabwerera njira ya kumunda.

Lachisanu
Kuchipatala andijambula m'kamwa. Mayo ine, ndikuona fupa langa ndili moyo! Adokotala a mano akuloza pachithunzipo. Akuti dzino limaima m'fupa la nsagwada ngati mtengo wa khola m'dothi. Matenda a nkhama akhala akudya fupalo pang'onopang'ono, ndipo theka la mizu lili pamtunda. Mano akutalikirana chifukwa chowagwira chikutha. Zaka zonsezi fupa likutha m'mutu mwanga momwemu, osapweteka ngakhale tsiku limodzi! Ndafunsa ngati limeranso. Akuti, "Ayi mayi, koma lotsalali tingaliteteze." Apala zoumirira m'mano mpaka misozi.

Loweruka
Mbiri yafika ku Dambe. Amayi awiri abwera wapansi kudzafunsa pemphero limene ndinagwiritsa ntchito. Ndawapatsa tiyi. Ndawatsegulitsa pakamwa. Mmodzi nkhama zake zatupa kuposa zanga. Ndawauza kuti si pemphero, ndi matenda. Anyamuka atakwiya, tiyi osamaliza.

Lamulungu
Dzino logwedera lija adzalichotsa sabata yamawa. Enawo ndi mswachi kawiri patsiku ndi maulendo akuboma. Chabwino, ndavomera. Koma lero ndikungoganiza za malemu amayi anga. Pa msinkhu wangawu anali alibe dzino ngakhale limodzi, nyama tinkachita kuwasinjira mumtondo. Tinkawaseka kuti ndi ukalamba, iwonso n'kumaseka nafe atagwira pakamwa. Mtima ukundiwawa. Kuboma ndi ulendo wa m'mawa umodzi, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anawaperekezako.