Tsiku Limene Ndinatsitsa Galimoto Yofiira pa Majeke

Amene akuti ndine wabodza aimirire, atule kapu yake ya tiyi pansi, anene ndikumuona m'maso. Iwe Lameki, ndakuona ukupinda milomo. Wafika ku Doha kuno chaka chathachi, yunifomu yako ya ulonda ikadanunkhabe m'sitolo, ndiye lero ukufuna kuphunzitsa ine Wisikesi za magalimoto? Eti wawerenga pa foni kuti galimoto yaliwiro imayenera kupuma nyengo yozizira. Zopusa zimenezo ndinazimva kale kwa munthu wovala bwino kuposa iwe, ndipo mpaka lero ndikazimva mtima umandipsa. Khalani pansi nonse, shifiti yanu sinakwane.

Zaka zisanu ndi zinayi ndinali dalaivala pa nyumba ina yaikulu ku Al Messila. Bwana wathu, amene tonse tinkangowatchula kuti Baba, anali ndi magalimoto ambiri, koma mtima wawo unali pa imodzi, yofiira, ya zitseko ziwiri, yaifupi moti mphaka akafuna kubisala pansi pake ankayamba watulutsa mpweya. Woitsuka ndinali ine, woipukuta ndinali ine, ndipo ndikailiza m'mawa zipatso za kanjedza zinkayoyoka zokha m'mitengo, a Che Saidi n'kumangotola. A Che Saidi anali osamalira maluwa pa nyumbapo, munthu wamkulu wa ku Mangochi, wofatsa, wa ana asanu pa sukulu.

Ndiye kunabwera Fahadi, mwana wa mlongo wa Baba, bambo wandevu zake, kuchokera ku maphunziro ku maiko ogwa chipale chofewa. Mwezi wa Disembala analowa m'galaja manja ali m'thumba.

"Wisikesi, winta yafika. Galimoto iyi ikwere pa majeke, batire uchotse, uifunditse mpaka Malichi. Khalasi, nkhani yatha."

Ndinati, "Bwana, winta yake iti?"

Mukumva, anyamata? Winta ya ku Doha! Kamphepo kamene mwana wa ku Dedza angakayende opanda malaya n'kumatuluka thukuta! Miyezi yonse yotentha ija, pamene phula limamata nsapato ndipo dzira limapsera m'thumba la buluku, galimoto ija inkapirira ikudikira kamphepo komweka kuti ipume bwino n'kuthamanga, ndiye nthawi yake yakwana munthu akuti ifunde bulangete chifukwa kumene iye anakaphunzira amathira mchere mumsewu kuti chipale chisungunuke. Ndinawachonderera Baba. Ndinati galimoto ikakhala imadwala, mafuta amaundana, matayala amaphwa. Baba anandiyang'ana, anayang'ana Fahadi wa mapepala a sukulu, n'kuti, "Chita zimene wanena." Ndinaikweza pa majeke ndi manja anga omwewa, ndipo ndikuifunditsa ndinaona madzi akutsika m'nyali zake zonse ziwiri. Lumbiro langa ndi limenelo. Milungu itatu sindinamupatse moni Fahadi.

Tsono m'mawa wina wa Januwale kunagwa mvula, mvula yake ya kuno yobwera kamodzi pa chaka ngati ili ndi mlandu ndi munthu. Baba anali ndi mbalame yosakira, kwathu tingati kabawi, yokhala m'nyumba yakeyake yoziziritsa, yodya nyama yabwino kuposa imene inu munadyapo. Madzi analowa m'nyumba ya mbalameyo, a Che Saidi anatsegula chitseko kuti asese, chingwe cha kumwendo chinali chitamasuka, kabawi uja phuruu, kumwamba. Baba anali atachoka, obwera akatha pemphero la masana. Fahadi anatuluka akukuwa.

"Baba akapeza mbalame palibe, Saidi mawa akwera ndege ya kwawo!"

Anatenga makiyi a magalimoto onse n'kudzitsekera m'nyumba kumaimba mafoni. A Che Saidi anakhala pansi m'matope, chipewa chili m'manja, n'kungoti, "Che Wisikesi, ana anga."

Kiyi imodzi yokha Fahadi sanaiganizire, ya galimoto yopanda batire. Inali m'thumba mwanga.

Ndinakoka chofunda chija n'kuchiponya, mpaka lero sichinapezeke, ndinamenya majeke anayi ndi theche limodzi, galimoto inagwa pansi n'kudzinyadula ngati munthu wodzuka kutulo, koma batire Fahadi anali atalitsekera m'chipinda chosungira katundu, ndiye ndinasolola mawaya awiri a batire mpaka pa mpando, n'kuwaluma ndi mano, n'kuganiza nkhope ya Fahadi akuti winta yafika, ndipo mkwiyo wokhawokha umene unali m'thupi mwangamu unatsika m'mawaya, injini n'kulira moti mawindo a nyumba zitatu zoyandikana anatseguka okha. Mukumva? Ulendo wonse mawaya anali kukamwa. Injini ikati ifooke, ndinkangokumbuka liwu lakuti khalasi, liwiro n'kubwerera.

Ndinatuluka pa geti mlonda asanamalize kulitsegula, ndinadutsa pakati pa madontho a mvula osakhudzidwa ndi limodzi lomwe, ndinapeza msewu wotsika pansi pa mlatho utadzaza madzi, malole atamira mpaka madalaivala atakwera pa denga, ine ndinangoponda moto n'kuyenda pamwamba pa madziwo ngati mwala wophwatalala woponyedwa pa dziwe, mmodzi wa madalaivala aja n'kundiimika dzanja kuti ndimutenge, koma pamene dzanja lake linkafika m'mwamba ine n'kuti ndili ku West Bay, kuja kwa nsanja zagalasi. Hutala imene ndinaimba ku Al Messila inandipeza komweko, itatopa. Makamera a liwiro aja amene mumawaopa anayesa kundijambula, onse anangotulutsa zithunzi za msewu wopanda kanthu.

Kabawi ndinamuona akuzungulira nsanja zagalasi zija, ine n'kumazungulira naye m'munsi, iye kumanzere ine kumanzere, iye kumanja ine kumanja, mpaka anthu a m'maofesi anachita chizungulire n'kuweruka. Ataona kuti sindikumusiya anawongola ulendo wa kumwera, kuchipululu, ine pambuyo, phula linatha, mchenga unayamba, ndipo galimoto imene Fahadi ankati singapirire kamphepo inakwera mapiri a mchenga amene magalimoto akuluakulu amakwera akulira, inadumpha kuchoka pa phiri lina kukatera pa lina, inadutsa pansi pa mimba ya ngamila, ngamilayo osaleka kubzikula. Usaseke, Lameki! Ndinakuuza kuti inali yaifupi!

Tinafika kumene mchenga umathera m'nyanja. Mbalame inaona kuti apa ndiye yandithawa, inalowera pamwamba pa madzi. Ine ndinaluma mawaya mpaka dzino ili linathyoka, bwera udzalione, n'kulowa m'nyanjamo, mafunde akupatuka uku ndi uku, asodzi a m'ngalawa akugwira zipewa, ndinaipitirira mbalame ija, n'kutembenuka, n'kuidikira. Inafika ikupuma wefuwefu, inandiyang'ana, inayang'ana galimoto, inadziwa kuti yakumana ndi akuluakulu. Ndinatsitsa windo, inalowa yokha n'kukhala pa mpando. Lamba ndinaimanga ine.

Pobwerera sindinathamange kwambiri, kuopa kuidzidzimutsa, komabe ndinapeza a Che Saidi asanavale chipewa chija. Baba anafika n'kupeza kabawi wawo ali pa mtengo wake akudzikonza nthenga. A Che Saidi ndege sanakwere. Anagwira zaka zina zitatu, ana onse anamaliza sukulu, anabwerera kwawo ndi ulemu wawo. Mukapita ku Mangochi mukawafunse.

Ukuti chiyani? Ngati ndinali katswiri chotero, bwanji lero ndikulondera khomo la sitolo ku Msheireb kuno ndi kukwera sitima ya metro ngati iweyo? Pakamwa pako mwana iwe. Chabwino, ndinena, sindiopa.

Nditalowa pa geti paja n'kuona a Che Saidi akuseka misozi ili mbwembwembwe, mkwiyo unandithera. Ndinayesa kuganiza Fahadi, osatheka. Injini inazima pomwepo, ndipo sinalirenso. Amakaniko atabwera anapeza madzi amchere mu injini, mchenga wodzaza mawilibala awiri, ndi nsomba yamoyo m'paipi ya utsi. Baba anaizungulira galimoto ija katatu, kenako anandigwira paphewa n'kuti mbalame ayamika, koma makiyi ndisiye pa tebulo. Sabata yomweyo ndinayamba kufunsira ntchito ya ulonda.

Galimoto ija ili pa majeke mpaka lero, chaka chachinayi tsopano, yofunda bwinobwino, ndipo ndimamva kuti Fahadi amauza alendo kuti akuisunga chifukwa cha winta. Wabodza ameneyo! Winta ya ku Doha sinaimikepo galimoto ya munthu chilengedwere dziko. Galimoto ija ndinaiimika ndine, ndi mano angawa, ndipo amene akufuna kundilanda mbiri imeneyo ayambe wandimenya.